Mabowo Makumi Anayi ndi Limodzi

Ndine Hammou, mwana wa Addi,
wa m'chigwa chino cha mapiri a Atlas,
kumene chipale chofewa chimagona pansonga
mpaka balere atatulutsa ngala.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndinali mbala
yosathamangitsidwa ndi munthu.

Ndinkalawira nthanda isanazime,
nyundo ndi tchizilo m'thumba lachikopa,
n'kukagogoda thanthwe mpaka litalavula
nkhono zamwala, zopiringizika ngati nyanga za nkhosa.
M'mbali mwa msewu wa ku Azilal ndinkaziyala pansanza,
imodzi madiramu makumi awiri,
makumi atatu ngati mlendo wavala magalasi akuda.
Shuga wa m'tiyi wathu anali phiri.
Nsapato za Itto za kusukulu zinali phiri.

Ndiye Itto yemweyo, atabwerako ku yunivesite ku Marakeshi,
anandigwira dzanja ngati ndine kamwana,
n'kundiimika pamaso pa khoma lofiira.
"Bambo, pano panali pansi pa nyanja."
Ndinaseka mpaka nyulu wanga anacheuka.
Nyanja, kuno kumene mpweya umaperewera m'chifuwa?
Iye sanaseke. Anapisa chala m'bowo limene ndinakumba ine.
"Tsamba ili munang'amba ndinu.
Linalembedwa zaka mamiliyoni, ndipo lina kulibe."

Usiku umenewo tiyi anandizizirira m'tambula.

Lero ndili ndi chipewa cha paki ndi kabuku.
Alendo khumi ndi awiri patsiku, tinagwirizana choncho;
njira ndi imodzi, ya miyala m'mbali,
ndipo botolo lililonse lokwera liyenera kutsika.
Lahcen, mnansi wanga, akuti mutu wanga sukuyenda.
Iye akufuna phula, mabasi,
hotela yosanjikiza kanayi pafupi ndi kasupe.
Timakangana Lachisanu lililonse tikatuluka mumzikiti.
Sindimunena. Ana ake ndi asanu ndi mmodzi,
denga lake ladontha dzinja lonse.
Koma kasupe ndi mmodzi yekha,
ndipo ngalande yake imamwetsa minda ya tonsefe.

Dzulo mayi wina wochokera kutali anawerama
ngati akumanga chingwe cha nsapato.
Wakuba amadziwa msana wa mnzake.
Ndinatambasula dzanja. Iye anatulutsa ndalama,
zochuluka kuposa za mlungu wonse wa Hammou wakale uja.
Chikhatho chinandiyabwa, sindinama.
Ndinamutengera kukhoma lija
n'kumuwerengera mabowo anga limodzilimodzi,
makumi anayi ndi limodzi pakhoma lokhali,
maso otong'oledwa amene amandiyang'ana m'mawa uliwonse.
Anabweza kankhonoko mwakachetechete.
Madzulo anagula mkeka waubweya kwa Yamna,
osanenerera mtengo,
ndipo anagona kwa Lahcen, chidebe chili pafupi ndi bedi.

Kumapeto kwa njira kuli mwala wosalala
pamene chilombo chakalekale chinaponda matope
n'kupita kwake, osabwerera.
Zala zitatu, phazi lalikulu kuposa mbale yodyera banja.
Masana silioneka bwino,
choncho ndimathiramo madzi a m'botolo langa,
phazi n'kudzuka, lakuda, lonyezimira,
ngati mwiniwake wangokhota kuseri kwa chitunda.
Pamenepo alendo amatha mawu.
Nane ndimakhala chete, poti Itto anandiuza dzina lake kasanu
koma lilime langa limalikana.

Akatsika onse, kamdzukulu kanga Bassou
kamabwera ndi mbuzi zake.
Kamavula nsapato, n'kuimika kaphazi kake m'phazimo,
kenako kamandifunsa chilombocho chinkapita kuti.
Ndimakauza kuti sindikudziwa.
Mbuzi imodzi imamwa madzi aja,
ndipo nyundo yanga yakale, pansi pa khomo lathu,
imaletsa chitseko kumenyetseka ndi mphepo.